Webusayiti ikutseguka kwa inu nokha, kwa anzanu ikukana: za .geek, .eth ndi anzake

Ndimakonza mafoni ndi malaputopu kuno ku Zomba, ndiye ana a sukulu a ku Chikanda amandipeza pafupipafupi, ndipo vuto ili labwera kambirimbiri moti ndatopa kulifotokoza pakamwa. Limayamba chimodzimodzi nthawi zonse. Munthu wawerenga penapake kuti atha kukhala ndi dzina la webusayiti laulere, kapena loti palibe boma kapena kampani ingamulande, watenga dzina lothera .geek kapena .libre kapena wagula .eth, usiku wonse wakhala akukonza, pa laputopu yake zikutseguka bwinobwino. Mmawa watumiza link pa gulu la WhatsApp, anthu onse akuti aise sizikutseguka. Kapena dzulo zimatseguka lero zakana pa laputopu yomweyo. Ndiye amabwera nkumati achimwene kompyuta yanga yalowa virus.

Si virus. Nthawi zambiri webusayitiyo ili bwino, dzinalo lili bwino, chavuta nchakuti kompyuta yafunsa munthu wolakwika.

Ndifotokoze kaye pang'ono chifukwa mukapanda kumva apa zonse zotsatirazi muzingoloweza ngati ndakatulo. Kompyuta sidziwa mayina, imadziwa manambala, ma IP address aja. Mukalemba dzina mu browser, imakafunsa seva ina yake kuti dzina ili nambala yake ndi iti, ntchito imeneyo ndiye DNS, anaiyambitsa Paul Mockapetris mu 1983. Sevayo ikapanda kudziwa imakafunsa kumtunda, mpaka ku ma root server, omwe mayina ake ndi 13, kuyambira A mpaka M, ngakhale makina enieniwo ndi ambiri omwazikana dziko lonse. Kaundula wa kumtundako ndi amene amanena kuti .com ilipo, .org ilipo, .mw yathu ilipo ndipo amaiyang'anira ndi a Malawi SDNP. Woyang'anira kaundula ameneyu ndi ICANN, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 ku America. Tsono .geek, .libre, .bit, .eth, .crypto mu kaundula wa ICANN mulibe. Ali m'makaundula ena omwe anthu ena anadzipangira.

Zili ngati kuuza wakabaza wa pa Chinamwali kuti ndikatsike pa mango paja, iye akudziwa chifukwa ndi wa konkuno. Kuuza wakabaza yemwe wangobwera kumene kuchokera ku Thondwe mau omwewo, azingokuyang'anani. Malowo alipo ndithu sanasamuke, koma dzinalo limadziwika kwa okhawo omwe anagwirizana kuti pamatchedwa choncho.

Choyamba dziwani kuti dzina lanulo ndi la mtundu wanji

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasochera, amangoti ndili ndi domain ya alternative ngati zonse nzofanana. Sizofanana olo pang'ono. OpenNIC, yomwe inayamba mu 2000, ndi DNS wamba yemweyo kungoti ali ndi root yawoyawo, mayina awo ndi monga .geek .libre .pirate .oss .indy .dyn, ndipo maseva awo amayankhanso .com ndi .mw monga mwa masiku onse. Amenewa mumangosintha seva yomwe kompyuta ikufunsa basi. Handshake yomwe inayamba mu 2020 ndi blockchain, kaundula wosungidwa pa makompyuta ambiri ngati wa ndalama za crypto, mumagula mathero a dzinalo enieniwo pa okushoni ndi ndalama yawo ya HNS, ndipo kuti atseguke pamafunika resolver, seva yoyankha mayina ija, yodziwa Handshake kapena pulogalamu ngati Fingertip kapena hnsd. Namecoin ndi yakale, ya 2011, ndiyo ya .bit. ENS ya .eth inayamba mu 2017 pa Ethereum, blockchain ya ndalama ya ETH, ndipo iyi kwenikweni si DNS nkomwe, ntchito yake yaikulu ndi yoti mmalo mwa adiresi ya wallet yaitali ija munthu azilemba dzina lalifupi. Ndiye pali .onion ya Tor, netiweki yobisa yemwe akutsegula tsamba, imeneyo imatseguka kudzera pa Tor basi, monga mu Tor Browser, mungasinthe DNS kakhumi sizithandiza.

Mukabwera kwa ine osadziwa kuti dzina lanu ndi la gulu liti, theka la ola limathera pomwepo.

Yesani ndi nslookup musanagwire china chilichonse

Pa Windows tsegulani cmd, lembani nslookup kenako dzina lanu, tiyerekeze nslookup malonda.geek. Ikayankha kuti Non-existent domain musathamangire kukhumudwa, onani mzere wapamwamba pomwe palembedwa Server ndi Address, pamenepo ndi pomwe pakuoneka yemwe wafunsidwa. Mukaona 192.168 chakutichakuti ndiye kuti yafunsa MiFi kapena rauta yanu, yomwenso imangofunsa seva ya netiweki yanu, ndipo amenewo za .geek sakuzidziwa. Mukaona 8.8.8.8 ndi Google, 1.1.1.1 ndi Cloudflare, 9.9.9.9 ndi Quad9, onsewa amatsata kaundula wa ICANN.

Kenako pitani pa servers.opennic.org mutenge nambala ya seva imodzi yomwe ikuoneka kuti ili moyo, mulembenso nslookup malonda.geek nkuwonjezera nambala ija kumapeto. Ikabweza IP address ndiye kuti dzina lanu lili bwino, vuto ndi ma settings a makina anu. Ikakananso yesani seva yachiwiri, chifukwa masevawa amayendetsa ndi anthu ongodzipereka, wina amatha kungotopa nkuzimitsa yake osauza munthu. Maseva awiri atatu onse akakana ndiye bwererani komwe munalembetsa dzinalo mukaone ngati munaikadi A record, mzere wolumikiza dzinalo ndi IP address ya seva yanu, ambiri amalembetsa dzina nkuiwala kuliuza kuti liloze kuti.

Dzina la .eth musavutike nalo pa nslookup, lidzakana mpaka kalekale.

Mwasintha DNS koma browser ikukanabe

Ili ndiye limapweteka mutu kwambiri chifukwa nslookup ikuyankha bwino koma Chrome ikuti This site can't be reached. Chimachitika nchakuti ma browser a masiku ano ali ndi DNS yawoyawo mkati, amaitcha DNS over HTTPS, ikayatsidwa nkulozetsedwa kwa Cloudflare kapena Google browser siyifunsanso zomwe mwaika mu Windows. Mu Chrome pitani Settings, Privacy and security, Security, mupeze Use secure DNS muzimitse kapena onetsetsani kuti simunasankhe kampani ina pamenepo. Edge ndi Brave nchimodzimodzi. Mu Firefox zili pansi pa Privacy & Security, chakumunsi kwenikweni. Ngati simukufuna kuzimitsiratu mu Firefox, lowani about:config mupeze network.trr.excluded-domains mulembemo geek, izisiya mayina amenewo kuti Windows iyankhe.

Mukatero chotsani zakale zomwe makina anasunga, chifukwa yankho loti dzinali kulibe nalonso limasungidwa kwa kanthawi. Mu cmd lembani ipconfig /flushdns, mu Chrome lembani chrome://net-internals/#dns mudine Clear host cache, mutseke browser yonse nkutsegulanso.

China chopusa koma chimagwetsa anthu, mukalemba malonda.geek mu Chrome iyo imaganiza kuti mukufuna kusaka, imakuponyani ku Google. Mathero amenewo siyiwadziwa ndiye imayesa ndi mau wamba. Lembani http://malonda.geek/ lonse ndi http yomwe ndi kamzere ka kumapeto kaja. Mtsikana wina anakhala masiku awiri akusintha ma settings a rauta pomwe vuto linali limeneli basi, ndinachita manyazi kumulipiritsa.

Ndipo ngati muli ndi VPN yoyatsa, izimitseni kaye poyesa, pafupifupi VPN iliyonse imabwera ndi DNS yake nkupondereza yanu. Ma antivirus enanso amatero.

Pena zikutseguka pena ayi

Funso langa loyamba limakhala lakuti pa Preferred DNS mwaika chani, pa Alternate mwaika chani. Yankho limakhala lomwelo, pamwamba OpenNIC pansi 8.8.8.8 kuti ina ikafa inayo igwire. Nzeru yake imamveka koma ndi yomwe ikukuvutitsani. Seva ya OpenNIC ikachedwa kuyankha pang'ono, ndipo imachedwadi poti ambiri ali ku Ulaya ndi ku America pomwe inu muli ku Matawale pa netiweki ya timizere tiwiri, Windows imalumphira kwa Google, Google imati dzinali kulibe, Windows imakhulupirira nkusunga yankho limenelo. Siyibwereranso kukafunsa winayo kuti kodi nzoona. Kwa kompyuta, kuuzidwa kuti dzina kulibe ndi yankho lokwanira. Ndiye zonse ziwiri zikhale za OpenNIC kapena muchite zomwe ndinene kutsogoloku.

Onaninso IPv6. Mutha kusintha DNS ya IPv4 koma ya IPv6 nkukhala ikuchokerabe ku rauta, makina nkumafunsa kumeneko. Lembani ipconfig /all muone mndandanda wonse wa DNS Servers, pakakhala ya manambala osakanikirana ndi zilembo ndi timadontho tiwiritiwiri yomwe simunaike ndinu, ndi imeneyo.

Komanso kumbukirani kuti pa Windows ma settings amenewa amatsata adapter, Wi-Fi payokha, chingwe pachokha, foni yolumikiza ndi USB payokhanso. Munakonza pa Wi-Fi, lero magetsi azima MiFi yatha moto mwalumikiza foni ndi chingwe, basi mwabwerera pa DNS ya netiweki. Ndipo pa Wi-Fi ya m'malo ogona alendo kapena ya pasukulu yomwe imayamba yakufunsani password pa tsamba lawo, DNS yanu yosintha ija itha kuletsa tsamba lolowera kutseguka, ndipo malo ena amatseka kapena kukhotetsa port 53, khomo lomwe mafunso a DNS amadutsira, kuti aliyense azifunsa seva yawo. Pamenepo palibe chomwe mungakonze pa laputopu, yesani pa data yanu muone ngati zisintha.

Nkhani ya magetsi yandikumbutsa, malaputopu akale omwe kabatire ka CMOS kanafa, magetsi akazima tsiku limabwerera mmbuyo zaka zingapo. Tsiku likalakwika ma certificate onse, ziphaso zotsimikizira kuti tsamba ndi lenileni, amakanidwa, DNS over HTTPS imakana, Tor imakana kulumikiza. Yang'anani wotchi pakona musanandiimbire.

Pa foni

Android kuyambira version 9 ili ndi Private DNS, pa Tecno ndi itel imabisala malo osiyanasiyana ndiye ingolembani Private DNS posaka mu Settings. Koma pamenepo sipalola nambala, pamafuna dzina la seva yomwe imalankhula DNS over TLS pa port 853, ndipo si seva iliyonse ya OpenNIC imatero, muyenera kuona pa mndandanda paja yomwe yalembedwa choncho. Sevayo ikafa, foni yonse imakhala ngati ilibe intaneti, WhatsApp yomwe osayenda, munthu nkumatukwana netiweki kuti yamudyera bandulo pomwe bandulo ili yonse. Mukaona choncho bwezerani Private DNS pa Automatic muone. Pa Wi-Fi mutha kuika nambala mukasintha IP settings kukhala Static, pa iPhone ndi Configure DNS kenako Manual, koma zimenezo zimagwira pa Wi-Fi imeneyo yokha, mukatuluka pageti nkuyamba data zatha.

Njira yomwe ine ndimaikonda

Ine sindikonda kupereka mafunso anga onse kwa seva ya munthu yemwe sindikumudziwa. Ganizani bwino, yemwe akuyankha DNS yanu amaona dzina lililonse lomwe mukutsegula, ndipo akakhala wa mtima woipa atha kukulozerani kolakwika mukamafuna tsamba la banki. Ambiri mwa anthu a OpenNIC ndi abwinobwino ndipo amalemba poyera ngati amasunga ma log kapena ayi, koma mukungokhulupirira mau awo. Kuonjezera apo YouTube ndi zina zazikulu nthawi zina zimakupatsani seva yoyandikira komwe kuli DNS yanu, ndiye mukamafunsa ku Germany mutha kupatsidwa seva yakutali pomwe ina inali pafupi, video nkumangozungulira.

Ndiye ndimagawa. Mayina a .geek okha apite ku OpenNIC, ena onse apite komwe amapita kale. Pa Windows tsegulani PowerShell ngati administrator mulembe Add-DnsClientNrptRule -Namespace ".geek" -NameServers kenako nambala ya seva ija mkati mwa ma quote. DNS ya adapter musaigwire nkomwe. Chenjezo limodzi, nslookup siyitsata lamulo limeneli, ndiye poyesa gwiritsani Resolve-DnsName kapena ping. Amene muli ndi Linux kapena rauta ya OpenWrt, mu dnsmasq ndi mzere umodzi, server=/geek/ kenako nambala. Ndipo ngati ndi webusayiti imodzi yokha ya gulu lanu la anthu asanu, olo osavutika ndi zonsezi, tsegulani fayilo ya hosts mu C:\Windows\System32\drivers\etc mulembe IP ndi dzina, basi. Ndi mmene intaneti imayendera DNS isanabwere, fayilo imodzi ya HOSTS.TXT aliyense amakopera.

Not secure ija

Zatseguka tsopano koma browser ikulemba Not secure, mukaika https ikubweretsa tsamba lofiira. Apa ndikuuzeni zoona, palibe mankhwala enieni. Let's Encrypt ndi ena onse opereka ma certificate ovomerezeka saloledwa kupereka pa dzina lomwe mulibe mu kaundula wa ICANN, ndi malamulo a CA/Browser Forum, bungwe la opereka ma certificate ndi opanga ma browser. Mutha kudzipangira certificate nokha koma aliyense wobwera azilandiridwa ndi chenjezo, ndipo ine sindingauze kasitomala kuti akaona chenjezo lofiira azingodina Proceed, ndikhala ndikumuphunzitsa khalidwe lomwe lidzamubetse tsiku lina. A Handshake amagwiritsa DANE, njira yoika chidindo cha certificate mu DNS momwemo, inalembedwa mu 2012, koma Chrome ndi Firefox saitsata paokha ndiye pamafunika Fingertip ija ikhale pakati. Chodabwitsa .onion yokha ndi yomwe inapeza mwayi, mu 2015 inalembedwa mu chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 7686 ngati dzina lapadera ndipo imatha kulandira certificate yeniyeni, Facebook inali nayo kale onion yake kuyambira 2014.

Za onion ndingowonjezera kuti ngati adiresi yanu ndi ya zilembo 16 imeneyo ndi yakale, anaisiya mu 2021, zatsopano ndi za zilembo 56. Siidzatsegukanso.

Za .eth

Amene mwagula .eth, kugula dzina sikukupatsani webusayiti. Mukangoika adiresi ya wallet ndiye kuti dzinalo ndi lolandirira ndalama basi. Kuti litsegule tsamba muyenera kuika content hash, chizindikiro choloza ku mafayilo omwe ali pa IPFS, netiweki yogawana mafayilo pakati pa makompyuta, ndipo mafayilowo ayenera kukhala pa makina ena oyaka nthawi zonse, kuchita pin kuja. Mukawasunga pa laputopu yanu yokha, laputopu ikazima tsambanso lapita. Kusintha record kulikonse mumalipira ndalama yotumizira yotchedwa gas mu ETH, kuwonjezera pa mtengo wa pachaka womwe ndi madola 5 pa dzina la zilembo zisanu kapena kuposa, 160 la zilembo zinayi, 640 la zitatu. Ndi mmene forex ikuvutira muno, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso Reserve Bank inanena kale kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, kupeza ETH yochepa yokha ya gas ndi ulendo wina pawokha, ndipo ndi mmene ana ambiri amaberedwera ndi anthu a pa Telegram.

Kuti anzanu atsegule popanda kuika chilichonse, onjezerani .limo kumapeto, malonda.eth.limo, imatseguka mu browser iliyonse. Koma taonani chomwe chachitika apo, .limo ndi ya mu kaundula wa ICANN, mwazungulira phiri lonse la Zomba nkudzatulukira pomwe munayambira. Ndipo khomo lotere limatha kutsekeka. Kale anthu amagwiritsa eth.link, mu 2022 mwini wake wolembetsa anali kundende ku America, dzinalo linatha nthawi nkugulitsidwa, a ENS mpaka anapita kukhoti kuti alibweze.

Onaninso ngati dzina silinathe. ENS imakupatsani masiku 90 achisomo likatha, kenako aliyense atha kulitenga. La Namecoin limatha pakadutsa ma block 36,000, miyezi yosakwana chaka, la Handshake pafupifupi zaka ziwiri. Palibe ofesi yokadandaula, ndipo mukataya seed phrase, mau achinsinsi obwezeretsera wallet aja, dzina lapita, palibe olo munthu mmodzi padziko angakubwezereni. Ubwino womwe amautamawo woti palibe angakulandeni, kuseri kwake ndi kumeneku.

Nanga anzanu aja a pa WhatsApp

Apa ndi pomwe ndimakhumudwitsa anthu. Zonse ndalembazi zikukonza makina anu. Makina a anzanu sizikuwakhudza. Mnyamata wina amathandiza amalume ake omwe amagulitsa ziboliboli ndi zipatso kwa alendo okwera ku Ku Chawe, anapanga tsamba lokongola ndithu pa dzina la OpenNIC poti ndi laulere, akufuna alendo aziona zithunzi asanabwere. Ndinamufunsa kuti mlendo ali ku Lilongwe kapena ku London, umuuza kuti ayambe walowa mu Settings asinthe DNS kuti aone chiboliboli cha mvuu? Link yake pa WhatsApp siimasanduka nkomwe ya buluu, Google siilipeza tsambalo poti nayo imatsata ICANN, imelo yopita ku dzina limenelo Gmail imaibweza. Anangoti koma achimwene ndiye nditani.

Vutoli si latsopano ndipo si la ku Malawi. Anthu akhala akuyesa kuyambira zaka za m'ma 1990. Kunali AlterNIC, mwini wake Eugene Kashpureff mu 1997 anafika pokhotetsa anthu opita ku InterNIC, komwe kunkalembetsedwa mayina a .com nthawi imeneyo, kuti azifikira pa tsamba lake, zinathera kukhoti. Kunabwera New.net mu 2001 ndi ka plugin kawo komwe kamalowa m'makompyuta limodzi ndi mapulogalamu ena mpaka anthu anayamba kukachotsa ngati adware. Onsewa anagwa pa chinthu chimodzi, anthu sasintha ma settings chifukwa kulibe mawebusayiti ofunika kumeneko, eni mawebusayiti sapita kumeneko chifukwa kulibe anthu. Ofufuza a ku Princeton mu 2015 anawerenga mayina a .bit pafupifupi 120,000 nkupeza kuti 28 okha ndi omwe anali ndi zinthu zenizeni, ena onse anthu anangogwira malo kudikira wogula, ngati mapuloti aja ongoikidwa njerwa zinayi. Mu 2019 OpenNIC yomwe inasiya kuyankha .bit chifukwa opanga malware ndi omwe amaigwiritsa kwambiri, poti palibe angawatsekere. Ndiye ngati malangizo omwe mukutsata akuti OpenNIC imatsegula .bit, ndi akale.

Kenako pali kuombana kwa mayina. Mathero omwe mwatengawo ICANN sinalonjeze kuti siidzapereka kwa wina. Zinachitika ndi .biz, inalipo kale mu root ina koma ICANN mu 2000 inaivomereza kwa kampani ina, omwe anali ndi mayina akalewo anangotsala mmanja muli gwa. OpenNIC inali ndi .free, ICANN itaipereka kwa Amazon iwo anasamukira ku .libre. Olo a blockchain okhaokha amaombana, Unstoppable Domains mu 2022 inasiya .coin itazindikira kuti Emercoin inali nayo kale. Taganizani munthu kutumiza ndalama ku dzina lomwe pa wallet ina likuloza munthu wina. Ichi ndi chifukwa chake a IAB, komiti ya akatswiri oyang'anira kamangidwe ka intaneti, mu 2000 analemba RFC 2826 kunena kuti root iyenera kukhala imodzi, ndipo opanga ma browser akuluakulu safuna kusankha mbali. Brave ndi Opera anayesako kutsegula .eth ndi .crypto, koma Chrome yomwe ili pa foni ya pafupifupi aliyense mu msika wa Zomba ayi. Ndipo .eth ili ndi kavuto kake kena, ETH ndi chidule cha zilembo zitatu cha dziko la Ethiopia pa mndandanda wa ISO, ndipo zidule za maiko zotere ICANN siigulitsa.

Sindikunena kuti anthu amenewa alibe mfundo, ali nayo. Mu 2012 kungofunsira mathero atsopano kwa ICANN kunali madola 185,000, ndani kuno angaikwanitse, ndipo .africa yomwe inachita kukanganirana mpaka 2017 ndi pomwe inatseguka. Maboma amatha kulanda kapena kutseka mayina, zimachitika ndithu. Kwa mtolankhani kapena gulu lomwe likuopa kutsekeredwa, onion ili ndi ntchito yeniyeni. Kwa wophunzira kompyuta pa Chanco, kutenga .geek nkuyendetsa seva yako ya DNS ndi sukulu yabwino kuposa manotsi. Mu 2023 a IETF, omwe amalemba ma RFC aja, anapatulanso .alt, mu RFC 9476, kuti mayina omwe si a DNS azikhala pansi pake osaombana ndi ena, koma ma project omwe anagulitsa kale mayina sakuoneka kuti akuthamangirako.

Pa nkhani yomweyi, inu omwe mumakonza netiweki ya mu ofesi kapena pasukulu nkumangopeka mathero anuanu, samalani. Anthu ambiri amagwiritsa .dev pa makina awo oyesera, Google itaitenga, kumapeto kwa 2017 Chrome inayamba kukakamiza https pa .dev iliyonse zinthu zawo nkusiya kutseguka. .local nayo ndi ya mDNS, njira yomwe zida za pa netiweki imodzi zimapezerana zokha, imasokonezana ndi ma printer ndi zida za Apple. Gwiritsani .internal yomwe ICANN inaipatula mu 2024 kuti ikhale ya mkati, kapena home.arpa. Mukadzaona dzina lanu lamkati likubweza 127.0.53.53 dziwani kuti ndi chizindikiro chomwe ICANN inaika chokuuzani kuti mathero amenewo apatsidwa kwa wina.

Mnyamata wa ziboliboli uja tinachita chonchi. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, tinalembetsa dzina wamba lotchipa, la .com poti amalume ake ali ndi mwana ku Johannesburg yemwe analipira ndi khadi, ngakhale .mw kapena .co.mw ikanathekanso. Tinaloza dzina latsopanolo ku seva yomweyo, mu nginx, pulogalamu yoyendetsa tsambalo, pa server_name tinalemba mayina onse awiri, Let's Encrypt inapereka certificate pa la .com mphindi zosakwana zisanu. La OpenNIC analisiya kuti azisewera nalo iye ndi anzake a m'kalasi, pa laputopu yake tinaika lamulo la mu PowerShell lija kuti asamasinthesinthe DNS. Tinalemba tsiku lomwe dzina la .com lidzathe pa khoma la shopu ndi choko komanso mu kalendala ya foni, chifukwa nalonso likatha limapita.

Sabata yatha anabweranso akuti la .geek lasiyanso kutseguka. Tinayesa Resolve-DnsName, zii. Tinapita pa mndandanda wa maseva, ija tinaika mu lamulo inali itachotsedwapo. Get-DnsClientNrptRule kuti tione dzina la lamulo lakale, Remove-DnsClientNrptRule kulichotsa, kuika lina ndi maseva awiri mmalo mwa imodzi, flushdns, zinatseguka. Ndinamuuza alembe masitepe amenewa mu kope lake chifukwa seva imeneyinso tsiku lina idzazima ndipo ine mwina ndidzakhala ndapita ku Jali kumaliro.